Mmene mungayendere pa chikondwerero cha zakudya ndi vinyo cha ku EPCOT

EPCOT ndi imodzi mwa mapaki anayi achisangalalo a Walt Disney World, omwe ali pafupi ndi mzinda wa Orlando m'chigawo cha Florida ku America, ndipo inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1982. Kuyambira mu 1996 pakiyi imachititsa chaka ndi chaka chikondwerero cha zakudya ndi vinyo chotchedwa EPCOT International Food & Wine Festival, chomwe poyamba chinkatha mwezi umodzi koma tsopano chimatenga pafupifupi miyezi itatu. Mu 2024 chinayamba pa 29 Ogasiti n'kutha pa 23 Novembala, pomwe kuyambira 2021 mpaka 2023 chinkayamba mu Julayi, choncho masiku ake enieni muziwafufuza m'chaka chomwe mukupitacho. Chikondwererochi chilibe tikiti yakeyake. Mukagula tikiti yolowera m'pakiyi, yomwe ya tsiku limodzi imapitirira madola 100, mwalowa kale ndipo zoimbaimba muonera popanda kulipiranso, koma chilichonse cholowa m'kamwa mudzalipira pachokha. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa timbale ta zakudya zake n'tating'ono, mtengo wa kalikonse umaoneka wochepa, ndipo munthu amafika 3 koloko masana atakhuta, atatopa, thumba litapepuka, asanaone n'komwe theka la malowo.

Kuti zimenezi zisakuchitikireni, konzani tsiku lanu kuyambira madzulo n'kumabwerera m'mbuyo. Yambani mwasankha nthawi yomwe mukufuna kukaonera oimba, kenaka muwerengere kuti muyambire mbali iti ndiponso muyende pa liwiro lotani kuti mukafike pa bwalo la zoimbaimba mudakali ndi mphamvu komanso m'mimba mudakali malo. Kuti muthe kuwerengera chotero muyenera kudziwa mmene malowo anayalidwira.

Chikondwererochi chimachitikira makamaka ku mbali ya paki yotchedwa World Showcase, komwe kuli nyanja yochita kukumba ndipo m'mphepete mwake munamangidwa zigawo 11 zoimira mayiko. Mukachokera ku khomo lalikulu n'kukhotera kumanzere mumayamba ndi Mexico, kenaka Norway, China, Germany, Italy, America, Japan, Morocco, France, United Kingdom, n'kumalizira ndi Canada, ndipo mukakhotera kumanja mndandandawu mumauyambira kumapeto. Kuzungulira nyanja yonse ndi mtunda wa pafupifupi makilomita awiri, umene sukumveka wautali mpaka mutauyenda dzuwa likuswa mtengo, mukuima pamzere uliwonse. Chigawo cha America chili tsidya lina la nyanja, moyang'anizana ndi polowera, ndiye kuti kaya mwayambira ku Mexico kaya ku Canada, bwalo la oimba mumalipeza mutayenda theka la ulendo. Pali khomo lina laling'ono lotchedwa International Gateway, pakati pa France ndi United Kingdom, lomwe amalowera anthu ochokera ku mahotela oyandikana nalo komanso obwera pa Disney Skyliner, timagalimoto toyenda pa chingwe m'mwamba tomwe tinayamba ntchito mu 2019. Wolowera khomo limeneli ali ndi mwayi wosankha njira yaifupi yodutsa France, Morocco ndi Japan, kapena yaitali yodutsa Canada ndi Mexico, ndipo ngati walowa m'mawa njira yaitaliyo ndi imene ingamufikitse kwa oimba pa nthawi yake.

Zakudya za chikondwerero sizigulitsidwa m'malesitilanti akuluakulu ayi, koma m'tinyumba toposa 25 totchedwa Global Marketplaces, tomwe timaikidwa m'mbali mwa njira pa nyengo imeneyi. Tina timaimira mayiko 11 aja, koma tina timabweretsa malo omwe alibe chigawo chawo m'pakiyi, monga Brazil, Australia, Belgium, Greece, India ndi Hawaii. Tambiri timatsegulidwa cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndipo zaka zina tina timayamba kugulitsa chikondwerero chili kale mkati, choncho wopita masabata oyambirira asadabwe kupeza kanyumba kena kali kotseka.

Mukangolowa tengani kabuku kaulere kotchedwa Festival Passport, momwe mwalembedwa tinyumba tonse ndi zimene timagulitsa. Mndandanda womwewo umapezekanso pa pulogalamu ya pafoni ya My Disney Experience, ndipo ndi bwino kuuwerenga usiku woti mawa mukupita, muli pansi, mutadya kale, chifukwa munthu wanjala amene waima pamaso pa nyama yowotcha sasankha ndi mutu. Chongani zakudya zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu zomwe simukufuna kuziphonya, ndipo zina zonse muzitenge ngati zongopezana nazo panjira. Kabukuka kamasonyezanso zakudya zopanda nyama ndi mkaka komanso zopangidwa popanda tirigu, koma ngati pali chakudya chimene thupi lanu siligwirizana nacho musadalire chizindikiro chokha, funsani wogulitsayo musanalipire.

Mndandanda umasintha chaka chilichonse, komabe pali zakudya zomwe zakhala zikubwerera chifukwa anthu amazifuna. Ku Canada kuli supu ya tchizi cha cheddar yophikidwa ndi nyama ya nkhumba yotchedwa bacon, yomwe imabwera ndi kabuledi kosunsira, komanso kachidutswa ka nyama yofewa ya ng'ombe yothiridwa msuzi wa bowa. Supuyi ndi yokoma koma yolemera, ndipo kuimwa masana mu Sepitembala, kunja kukutentha, n'kudzilanga nokha, choncho ndi bwino kuisiyira madzulo kapena kupita mu Novembala. Ku Brazil kuli pão de queijo, timabuledi ta tchizi topangidwa ndi ufa wa chinangwa, tolimba pang'ono kunja koma tonyumbuluka mkati, tomwe tiyenera kudyedwa tikadali totentha. Ku Germany kuli Schinkennudeln, pasita wophikidwa mu uvuni ndi nyama ya nkhumba, anyezi ndi tchizi, ndipo kambale kake kamakhutitsa kuposa mmene kamaonekera. Ku France kwakhala kukupezeka nkhono zophikidwa ndi adyo ndi batala zoikidwa m'kabuledi kofewa ka croissant, ku Australia nthiti za nkhosa zowotcha, ku Hawaii kabanzi ka nyama ya nkhumba yophika mpaka kufewa yothiridwa chinanazi, ndipo ku Greece spanakopita, chomwe ndi masamba a sipinachi ndi tchizi zokutidwa ndi mtanda wopyapyala wokhukhuta. Mukaona mndandanda umenewu mudzazindikira kuti tchizi, batala ndi nyama zachuluka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake muyenera kusinthanitsa. Mukadya cholemera pa kanyumba kamodzi, pa kotsatira tengani nsomba, ndiwo zamasamba kapena mungodutsa osagula kanthu. Zotsekemera, monga mawafo (timakeke tophwatalala) a ku Belgium, zisungireni kumapeto, chifukwa shuga amatseka njala msanga ndipo amaononga kukoma kwa vinyo amene mungamwe pambuyo pake.

Njira yolawira zambiri osaphulika mimba ndi kugawana. Ngati muli awiri kapena atatu, gulani kambale kamodzi pa kanyumba kalikonse, aliyense alume kawiri kapena katatu, ndipo chikakukomerani kwambiri mubwerere pamzere kukagula china. Mukakhala gulu lalikulu, mmodzi aime pamzere wa kanyumba aka, wina pa kotsatira, wachitatu asake podyera. Podyerapo ndi nkhani yakeyake. Matebulo oimirira omwe amaikidwa pafupi ndi tinyumbati ndi ochepa, ndipo si zachilendo kuona anthu ovala bwino atayala timbale tawo pamwamba pa chivindikiro cha bini ya zinyalala, akudya mosangalala ngati ali pa tebulo la mfumu. Ngati zimenezi sizikukusangalatsani, yendani pang'ono kulowa mkati mwa chigawo cha dzikolo, monga kumbuyo kwa Morocco, m'dimba la United Kingdom kapena pamtunda wa ku Japan, komwe nthawi zambiri kumapezeka benchi ndi mthunzi anthu ali pikitipikiti pa njira yaikulu.

Pa nkhani ya ndalama, timbale tambiri timagulidwa pakati pa madola 5 ndi 10, ndipo zakumwa zoledzeretsa zimatha kupitirira pamenepo. Timbale khumi ndi zakumwa zitatu zimafika pa madola 100 mosavuta, munthu asanazindikire. Njira yodzitetezera imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi kugula kakhadi kamphatso ka Disney kovala padzanja, kuikamo ndalama zimene mwalola kuti zithe tsiku limenelo, n'kumalipira ndi kakhadi komweko. Kamafulumizitsa mzere chifukwa simutulutsa chikwama, ndipo ndalama zikatha mumadziwa kuti zatha, pomwe khadi ya kubanki siikuchenjezani. Dziwaninso kuti Walt Disney World imalola alendo kulowa ndi chakudya chawo ndi zakumwa zosaledzeretsa malinga zisakhale m'mabotolo agalasi, choncho botolo la madzi lotha kudzazidwanso ndi zakudya za ana mukhoza kubwera nazo. Mowa ndi vinyo wochokera kunja saloledwa.

Vinyo amene dzina lake lili pa chikondwererochi amafuna kumuyendera mwaulemu. Malamulo a ku America salola munthu wosakwana zaka 21 kugula kapena kumwa mowa, ndipo ogulitsa amafunsa chiphaso ngakhale kwa munthu wooneka wamkulu, choncho mlendo wochokera kunja kwa dzikolo ayende ndi pasipoti yake. Tinyumba tambiri timagulitsa vinyo kapena mowa wogwirizana ndi chakudya chake, ndipo tina timakhala ndi timakapu titatu tating'ono ta mitundu yosiyana togulitsidwa pamodzi, tomwe ndi tabwino kwa wofuna kulawa osati kuledzera. Ngati cholinga chanu ndi kumva kusiyana kwa vinyo, yambani ndi woyera wopepuka, monga Riesling wa ku Germany, kenaka wofiira wolemera mukafika pa nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa, ndipo wotsekemera abwere pomaliza. Mukayamba ndi wofiira wamphamvu lilime limafa ndipo woyera wotsatira amangomveka ngati madzi. Kupatula tinyumba ta chikondwerero, pali malo okhazikika omwe amatumikira chaka chonse, monga Weinkeller ku Germany, Tutto Gusto ku Italy, La Cava del Tequila mkati mwa chinyumba cha Mexico ndi Rose & Crown ku United Kingdom, ndipo ena mwa malowa ali ndi mpweya wozizira, chinthu chomwe masana chimaposa vinyo weniweniyo.

Pali chizolowezi chodziwika cha magulu ena chofuna kumwa kamodzi m'dziko lililonse mwa mayiko 11 aja tsiku limodzi. Kunena zoona si nzeru. Zakumwa 11 padzuwa la ku Florida zimamugwetsa munthu asanafike pa dziko lachisanu ndi chitatu, ndipo ogwira ntchito m'pakiyi ali ndi mphamvu yokana kumugulitsa kapena kumutulutsa amene waledzera mosokoneza ena. Zoopsa kwambiri ndi zakumwa zoundana zotsekemera ngati za ana, chifukwa kuzizira ndi shuga zimabisa mphamvu ya mowa umene uli mkatimo. Pa chakumwa chilichonse choledzeretsa imwani kapu yodzaza ya madzi. Malo ogulitsira chakudya chachangu omwe ali ndi makina a zakumwa amapereka kapu ya madzi ozizira ulere mukapempha.

Nyengo ndi imene imalamulira tsiku lonse. Mu Ogasiti ndi Sepitembala ku Orlando kumatentha kufika madigiri 32 kapena kupitirirapo, mpweya umakhala wachinyezi moti thukuta siliuma, ndipo masana ambiri kumagwa mvula ya mabingu yomwe imabwera mwadzidzidzi n'kutha posakhalitsa. Nyengo ya mphepo zamkuntho m'derali imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, kutanthauza kuti chikondwerero chonse chimachitika mkati mwake, ngakhale kuti masiku ambiri amadutsa popanda vuto. Tengani chovala chopepuka chodzitetezera ku mvula, chipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi nsapato zomwe munaziyendera kale. Amene ali ndi ufulu wosankha apite kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, pamene kutentha kwatsika, koma aonetsetse masiku a mpikisano wothamanga wa Wine & Dine Half Marathon, womwe umachitika cha nthawi yomweyo ndipo umadzaza mahotela ndi pakiyi. Pa masiku a sabata, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi kumakhala kopepukirapo. Lachisanu madzulo ndi Loweruka kumabwera anthu ambiri okhala ku Florida komweko, mizere imatalika, ndipo usiku ukamayandikira phokoso la omwa limakula, zomwe mabanja okhala ndi ana aang'ono ayenera kuziganizira.

Zokwera zothamanga muzithane nazo m'mawa, tinyumba ta chakudya tisanatsegulidwe. Guardians of the Galaxy: Cosmic Rewind, yomwe inatsegulidwa mu 2022, imathamanga mozungulira mumdima, ndipo Mission: SPACE imakuzunguzani mutu ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu, choncho kuzikwera mutadya supu ya tchizi ndi kumwa vinyo n'kudziputira zovuta. Pakati pa 1 ndi 3 koloko masana, dzuwa likafika poipa, lowani malo ozizira. Bwato loyenda pang'onopang'ono la Living with the Land limadutsa m'nyumba zolimiramo mbewu ndi m'madamu oweta nsomba, ndipo limagwirizana bwino ndi tsiku la zakudya chifukwa zina mwa zokolola zake zimaphikidwa m'malesitilanti a m'pakimo.

Ana nawo ali ndi zawo. Pali masewera osaka tizidole ta khoswe wotchedwa Remy tobisidwa m'malo osiyanasiyana, omwe mumagula mapu ake ndi zomata n'kukalandira kamphatso pomaliza, ndipo amathandiza kuti mwana asatope ndi kuima pamizere ya akuluakulu. Palinso Emile's Fromage Montage, momwe mumagula zakudya zisanu za tchizi zochokera pa mndandanda wapadera, kulandira chidindo m'kabuku kaja pa chilichonse, n'kukatenga chotsekemera chaulere mukakwanitsa. Zidindozo sizikakamiza kuti muzipeze tsiku limodzi, choncho amene adzabwerenso tsiku lina asadzipanikize.

Tsopano tifike pa oimba aja omwe tsiku lonse lakonzedwa mowayang'ana. Zoimbaimba za chikondwererochi zimatchedwa Eat to the Beat, ndipo zimachitikira pa America Gardens Theatre, bwalo lapanja la mabenchi lomwe lili m'mphepete mwa nyanja moyang'anizana ndi chigawo cha America. Kawirikawiri oimba amakwera pa nsanja katatu madzulo alionse, 5:30, 6:45 ndi 8 koloko, ndipo chigawo chilichonse chimatenga pafupifupi mphindi 30. Ambiri mwa oitanidwa ndi amene anatchuka m'zaka za m'ma 1970 mpaka 2000, ndipo Boyz II Men, Hanson, Air Supply, Sugar Ray ndi Sheila E. ndi ena mwa amene akhala akuimbapo. Gulu lililonse limakhala masiku ochepa n'kupereka mpata kwa lina, ndipo zaka zina masiku a pakati pa sabata aperekedwa kwa magulu a m'derali, choncho ngati pali woimba amene mukumufuna, tsiku lopita lisankhidwe poyang'ana ndandanda ya chaka chimenecho musanagule tikiti.

Mipando ndi ya wofika msanga. Kwa gulu lotchuka kwambiri mzere umayamba ola lathunthu kapena kuposerapo nthawi isanakwane, pomwe kwa ena mphindi 20 zimakwanira. Pali njira yogula chakudya pa lesitilanti yosankhidwa pamodzi ndi malo otsimikizika pa bwaloli, koma muiganizire kawiri, chifukwa chakudya chathunthu cha pa lesitilanti chimalanda malo a timbale tomwe munabwerera. Njira imeneyi ndi yoyenera kwa amene wabwera makamaka kudzaona woimbayo, kapena amene sangathe kuima pamzere nthawi yaitali. Kwa ena onse pali chinthu chothandiza: bwaloli ndi lotseguka, mawu amamveka bwino pa njira yodutsa kumbuyo kwa mabenchi, ndipo mukhoza kuima pamenepo ndi kambale kanu m'manja n'kumvera nyimbo zonse popanda kuima pamzere n'komwe.

Pa nthawi zitatuzo, ya 5:30 imakhala yotentha m'miyezi yoyambirira, koma imakusiyirani madzulo onse oti mumalize theka lachiwiri la nyanja kukuzizira, ndipo kwa ofuna kudya iyi ndiyo yabwino. Mukayamba ku Mexico cha m'ma 11 koloko, n'kupuma masana, muyenera kukhala mukutuluka ku Italy cha m'ma 4:30. Ya 6:45 imagwa pa nthawi imene mizere ya chakudya yatalika kwambiri, ndiye kukhala pansi nthawi imeneyo sikukutayitsani zambiri. Ya 8 koloko ndi yokongola chifukwa cha magetsi a pa nsanja, koma ikatha mumatsala ndi mphindi zochepa zopezera malo oonera makombola. Musaiwalenso oimba a tsiku ndi tsiku omwe safuna mzere wautali: gulu la Mariachi Cobre ku Mexico, oimba ng'oma zikuluzikulu a Matsuriza ku Japan, ndi Voices of Liberty, omwe amaimba popanda zida mkati mwa chinyumba cha America, momwe denga lake lozungulira limakweza mawu ndipo mpweya wake ndi wozizira. Nthawi zawo zimalembedwa pa pulogalamu ya pafoni ija.

Tsiku limatsekedwa ndi chionetsero cha makombola, magetsi ndi akasupe a madzi pakati pa nyanja, chomwe masiku ambiri chimayamba 9 koloko usiku. Kuyambira mu Disembala 2023 chionetserochi ndi Luminous The Symphony of Us, ndipo chimaoneka kuchokera mbali zonse za nyanja, malinga mupewe kuima kumbuyo kwa mitengo kapena tizilumba. Yang'anani kumene mphepo ikulowera poona mbendera, ndipo musaime mbali imeneyo, chifukwa utsi wonse udzakuphimbani. Tinyumba ta chakudya timatseka pa nthawi yotsekera paki, choncho kambale komaliza mukagule makombola asanayambe. Akatha, khamu lonse limathamangira ku zipata nthawi imodzi ndipo mizere ya mabasi, sitima ya monorail ndi Skyliner imatalika, koma palibe amene amakuthamangitsani, ndiye mukhoza kukhala pa benchi mphindi 20 kuti anthu aphwe. Ngati mwamwa, galimoto ayendetse amene sanamwe, kapena mukwere zoyendera za Disney, zomwe ndi zaulere, kapenanso muitane takisi pa malo ake omwe ali kunja kwa khomo lalikulu.